Ng'ombe zoikiza kutsidya: yankho kwa aphunzitsi a ku Ngabu

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a pulayimale kufupi ndi Ngabu. Funso lawo mwachidule linali lotere: "Ndinamva pa wailesi kuti kumayiko a azungu mabungwe otolera msonkho akusakasaka anthu olemera amene amabisa ndalama pazilumba. Kubisako kumatheka bwanji? Nanga bwanji a MRA sachita zomwezo kwathu kuno, m'malo molimbana ndi ife amene amatidula msonkho malipiro asanafike n'komwe m'manja? Nthawi zina ndimaona ngati opusa ndife okhomafe."

Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Mawu anu omalizawo andikhala pamtima masiku onsewa, ndipo ndiwayankha. Koma tiyambire kukhola, poti ife akuchigwa ng'ombe timazidziwa.

Munthu wa ng'ombe 80 sazisunga zonse pakhomo. Zina amakaikiza kwa mlamu wake ku East Bank, zina kwa bwenzi lake kutsidya kwa malire ku Mozambique. Kuikiza si mlandu, makolo ankatero poopa matenda, akuba ndi madzi osefukira. Koma alipo wina amene amaikiza ndi mtima wina, kuti tsiku la mlandu kwa mfumu, kapena pogawa chuma ukwati ukatha, aoneke ngati wa ng'ombe ziwiri zokha. Ng'ombezo zili moyo, zikuswana, akafuna ndalama amatuma mawu imodzi n'kugulitsidwa. Chasintha ndi dzina lokha limene anthu amatchula akamaloza kholalo.

Zimene amachita olemera aja n'zomwezi, kungoti khola lawo ndi kampani ya papepala. Alipo mayiko ndi zilumba, monga British Virgin Islands, Cayman Islands, Jersey, Bermuda, Panama, Seychelles ndi Mauritius, kumene mlendo angalembetse kampani m'masiku ochepa, msonkho wake n'kukhala wochepa zedi kapena osakhalapo, ndipo kwa zaka zambiri dzina la mwini wake weniweni silinkaululidwa kwa aliyense. Ku British Virgin Islands kuli anthu pafupifupi 30,000 okha, koma makampani olembetsedwa kumeneko ndi oposa 300,000. Ambiri mwa makampaniwa alibe ofesi, alibe wantchito, alibe ngakhale mpando. Pachikalata pamalembedwa dzina la munthu wolipidwa kuti azingosaina, woikiziridwa uja, amene mwina dzina lake lili pa makampani mazana. Kampaniyo ndiyo imatsekula akaunti ku Switzerland, kugula nyumba ku London kapena kugula masheya ku New York. Ndalama zenizenizo kawirikawiri sizipondako n'komwe pachilumbapo. Chimene chimakhala kumeneko ndi chikalata chotchinga dzina.

Apa pali mawu awiri ofunika kuwasiyanitsa, chifukwa ndi pamene maloya amadyera. Kuzemba msonkho ndi kunama: wapeza phindu, walibisa, wauza boma kuti ulibe. Umenewo ndi mlandu kulikonse. Kulambalala msonkho ndi kudutsira m'mipata imene lamulo lenilenilo linasiya. Kukhala ndi kampani ku Mauritius pakokha si mlandu, ndipo alipo amalonda amene amatero pazifukwa zomveka. Komabe ine ndimaona kuti pamene munthu walipira ndalama zambiri kuti dzina lake lisaoneke, pamakhala chimene akuopa kuti anthu akwawo angachidziwe.

Nanga zinatheka bwanji kuti ayambe kugwidwa? Sikuti otolera msonkho anangodzuka tsiku lina atalimba mtima. Anayamba kuulula ndi abusa a ng'ombe zoikizazo. M'chaka cha 2008 zinadziwika kuti boma la Germany linagula mndandanda wa makasitomala a banki ya LGT ya ku Liechtenstein kwa munthu amene kale ankagwira ntchito pabankipo. Mmodzi mwa oyamba kugogoderedwa pakhomo anali Klaus Zumwinkel, mkulu wa kampani ya mtengatenga ya Deutsche Post, ndipo anatula pansi udindo. Nthawi yomweyo ku America, Bradley Birkenfeld, yemwe ankagwira ntchito kubanki ya UBS ya ku Switzerland, anafotokozera boma momwe bankiyo inkathandizira anthu olemera a ku America kubisa chuma. Mu 2009 UBS inalipira $780 miliyoni, kenaka inapereka mayina a eni maakaunti oposa 4,000. Birkenfeld mwiniwakeyo analowa m'ndende chifukwa cha mbali yake pankhaniyo, koma mu 2012 bungwe lotolera msonkho la dzikolo linamupatsa $104 miliyoni chifukwa choulula. Mu 2014 banki ina, Credit Suisse, inavomera mlandu n'kulipira $2.6 biliyoni.

Chimene ambiri timakumbukira ndi cha mu April 2016, pamene zikalata 11.5 miliyoni za kampani ya maloya ya Mossack Fonseca ya ku Panama zinaululidwa ndi atolankhani. Nduna yaikulu ya Iceland inachoka pampando m'masiku ochepa. Ku Pakistan khoti lalikulu linachotsa Nawaz Sharif paudindo wa nduna yaikulu mu 2017, nkhani yake itayambira pazikalata zomwezo. Kampani ya maloyayo inatsekedwa mu 2018. Mu 2021 kunatulukanso zikalata zina, za Pandora, ndipo m'menemo munapezeka banja la Uhuru Kenyatta, yemwe panthawiyo anali mtsogoleri wa Kenya.

Anyamata anu a Sitandade 8 amene amathamangira kukaonera mpira m'mavidiyo a pa Ngabu mungawauze za Lionel Messi. Mu 2016 khoti la ku Barcelona linamupeza wolakwa pamodzi ndi bambo ake pa msonkho wa mayuro 4.1 miliyoni. Ndalama zimene makampani ankamulipira pogwiritsa ntchito nkhope yake potsatsa malonda zinkadutsira m'makampani a ku Belize ndi Uruguay. Anagamulidwa miyezi 21, ngakhale sanalowe m'ndende, chilangocho chinasinthidwa kukhala chindapusa. Amene analowadi ndi Uli Hoeness, mtsogoleri wa timu ya Bayern Munich, yemwe mu 2014 anagamulidwa zaka zitatu ndi theka chifukwa cha ndalama zimene anali nazo ku Switzerland.

Koma boma silingamadikire m'busa wokwiya nthawi zonse. N'chifukwa chake America inakhazikitsa lamulo la FATCA mu 2010, lokakamiza mabanki a padziko lonse lapansi kuulula maakaunti a nzika zake. Mu 2014 bungwe la mayiko olemera la OECD linakonza mgwirizano wofanana nawo, ndipo kuyambira 2017 mayiko anayamba kutumizirana okha, chaka ndi chaka, mayina ndi ndalama za alendo amene ali ndi maakaunti kwawo. Lero mayiko oposa 100 ali mumgwirizanowu, Switzerland ndi zilumba zija zomwe. Zili ngati mafumu a mbali zonse ziwiri za Shire atapangana kuti chaka chilichonse aziwerenga makola n'kuuzana kuti ng'ombe yakuti mwini wake ali kwanu. Chinasintha zinthu kwambiri n'chimenechi, kuposa milandu ya anthu otchuka ija. Mipata ilipobe: America yokhayo sinalowe mumgwirizanowu, ndipo poti umakhudza maakaunti osati nyumba, chuma chambiri chathamangira kukagula nyumba kumalo ngati Dubai.

Tsopano tibwere kwathu. Gulu limene ankatsogolera Thabo Mbeki, mtsogoleri wakale wa South Africa, linanena mu 2015 kuti Africa imataya ndalama zoposa $50 biliyoni chaka chilichonse kudzera m'njira zamseri, ndipo gawo lalikulu limatuluka kudzera m'malonda a makampani, osati m'ziphuphu zokha ayi. Njira yake mungaimvetse ndi chitowe chimene chimalimidwa kwathu konkuno. Tiyerekeze kuti wamalonda wagula chitowe ku Nsanje, ndipo kunja akachigulitsa $100,000. M'malo mogulitsa mwachindunji, amayamba wachigulitsa kukampani yake yomwe ya papepala ya ku Dubai pamtengo wa $60,000, ndiye kampaniyo n'kugulitsa kwa wogula weniweni. Chitowecho sichipita ku Dubai n'komwe, amayenda ndi mapepala okha. A MRA amaona $60,000, Reserve Bank imalandira $60,000, ndipo $40,000 yatsala kutsidya. Mukadzaima pamzere wa petulo pa Nchalo n'kumva kuti madola akusowa, mudzakumbukire chitowe chimenechi.

Chitsanzo chodziwika cha kulambalala ndi mgodi wa Kayelekera ku Karonga. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti Malawi inataya pafupifupi $43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi, mbali ina chifukwa boma lathu linachepetsera msonkho kampani ya Paladin ya ku Australia imene inkayendetsa mgodiwo, mbali ina chifukwa ndalama zinkadutsira kukampani yake ya ku Netherlands, dziko limene tinali nalo pangano la msonkho. Paladin inatsutsa lipotilo. Chimene chimandipweteka ine pankhaniyi n'chakuti mipatayo inasainidwa ndi manja a Amalawi anzathu. Senegal ndi Zambia anaona vuto lotere pa mapangano awo ndi Mauritius, ndipo anawathetsa.

Ndiye bwanji a MRA amalimbana ndi inu? Chifukwa choyamba n'chosavuta: inu mumaoneka. Msonkho wanu amadula okulembani ntchito, VAT mumalipira pogula sopo ndi mayunitsi, mayi wogulitsa mlamba wouma pa Bangula amadula chiphaso cha khonsolo asanagulitse n'kamodzi komwe. Kutolera kwa anthu otere sikufuna kafukufuku. Pamene kutsata munthu mmodzi wa makampani asanu m'mayiko anayi kumafuna akatswiri owerengera ndalama, maloya, mapangano ndi mayiko enawo kuti ayankhe akafunsidwa, komanso makompyuta otetezeka, poti palibe dziko limene lingakutumizireni zinsinsi za mabanki ake ngati likukayika kuti mawa zipezeka pa WhatsApp. Palinso lamulo lathu lenilenilo, limene kwenikweni limakhometsa msonkho pa phindu lochokera m'Malawi muno. Ndiye mlandu waukulu kwa ife umakhala pa momwe ndalamazo zinatulukira komanso ngati zinakhoma msonkho zisanatuluke.

Chifukwa chachiwiri ndi chija makolo anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Taonani za Isabel dos Santos ku Angola. Pamene bambo ake ankalamulira dzikolo, ankatchedwa mayi wolemera kwambiri mu Africa, ndipo panalibe khoti la kwawo lomukhudza. Bambowo atachoka pampando mu 2017, khoti linatseka chuma chake mu December 2019, ndipo mwezi wotsatira zikalata za Luanda Leaks zinaonetsa makampani ake ambirimbiri a kunja. Iye amakana milanduyo. Chuma chinali chomwecho, makampani omwewo, chimene chinachoka ndi mkhate. Kulikonse kumene olemera kwambiri ndi omwenso amathandiza zipani pa kampeni, wotolera msonkho amaganiza kawiri asanalembe kalata.

Sindikunena izi kuti titaye mtima, chifukwa anzathu ayamba. Bungwe lotolera msonkho la Uganda linakhazikitsa nthambi yoyang'ana anthu olemera okhaokha mu 2015, litaona kuti akuluakulu ambiri a makampani ndi a boma sankakhoma msonkho m'dzina lawo. South Africa inachita chimodzimodzi mu 2021. Ndipo mu November 2023 mayiko a mu Africa, motsogozedwa ndi Nigeria, anapambana voti ku United Nations, mayiko 125 atavomera kuti malamulo a msonkho a padziko lonse lapansi azikambidwa kumeneko, kumene Malawi ili ndi mpando, osati kubungwe la mayiko olemera okha.

Tsopano mawu anu aja, akuti mwina opusa ndi okhomawo. Ayi, aphunzitsi. Ndikumvetsa pamene mwayambira, chifukwa ifenso tinaona Cashgate mu 2013, ndalama za msonkho zikutuluka ku Capital Hill popanda ntchito yogwirika. Munthu akhoza kufunsa kuti nanga za olemerazo zikabwera, sizikadyedwanso? Koma wakuba za boma ndi wozemba msonkho amabisa m'khola limodzi, kampani yopanda dzina la mwini wake. Mukatsekula kholalo mwagwira onse awiri. Ndipo amene angafunse mokweza ndi inu amene pepala lanu la malipiro likuonetsa kuti munakhoma.

Njira yochokera ku Bangula kupita ku Chiromo inaduka pa Mtayamoyo ndi madzi a 1997, ndipo mwana amene anabadwa chaka chimenecho wakula akuwoloka pabwato. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 dziko lonse linakhala mumdima, ndipo namondwe Freddy atabwera mu March 2023, makalasi ambiri a kuchigwa kuno anasanduka misasa, ana n'kuleka kuphunzira. Nthawi zonsezi tinauzidwa kuti boma lilibe ndalama, tidikire abwenzi akunja. Ena mwa abwenziwo ndi eni zilumba zija: British Virgin Islands, Cayman ndi Bermuda zonse zili pansi pa Britain.

Pali chinthu chimodzi chimene mungayambe nacho osadikira aliyense. Kuyambira 2013 tili ndi lamulo lokakamiza mtsogoleri wa dziko, nduna, aphungu ndi akuluakulu a boma kulembetsa chuma chawo ndi mabizinesi awo, ndipo nzika ili ndi ufulu wopempha kuona zimene analembazo kuofesi yosunga zikalatazi. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani kuboma nalonso linayamba kugwira ntchito mu 2020. Phungu wa dera lanu akadzabwera pamsonkhano, kapena mukadzakumana pa zokambirana za bungwe lanu la aphunzitsi, mudzafunse mafunso awiri: kodi MRA imalandira mayina a Amalawi amene ali ndi maakaunti kunja kuchokera kumayiko angati, ndipo chaka chatha inatenga ndalama zingati kwa anthu oterowo? Akakuyankhani, kapena akakana kuyankha, mundilemberenso, ndipo ndidzaziika pano monga mwandiuzira.