Mpira umodzi, ana 90: yankho kwa mphunzitsi wa kukoleji

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangoyamba kumene kuphunzitsa pa koleji ina yosula aphunzitsi a kupulayimale. Akuti ophunzira awo amakhoza bwino mayeso a Expressive Arts (phunziro la zaluso ndi masewera olimbitsa thupi), koma akapita kukawayendera kusukulu komwe akuyeserera ntchito, amapeza nthawi ya masewera olimbitsa thupi yasanduka yopuma. Anyamata aponyeredwa mpira, atsikana akhala pansi pa mtengo wa mango, mphunzitsi ali pakhonde kuchonga makope. Funso lawo ndi lakuti: kodi ife owasula tikulakwitsa pati?

Zikomo kwambiri amayi, ndipo dziwani kuti nkhawa imeneyi simuli nayo nokha.

Vuto lina si lanu. M'silabasi ya kupulayimale, masewera anaikidwa m'thumba limodzi ndi nyimbo, magule, zisudzo, zojambula ndi zosoka. Mayeso a Sitandade 8 ndi olemba, ndiye chomwe sichilembedwa papepala chimakankhidwira kumbuyo. Zimenezo ndi za a unduna wa zamaphunziro ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi.

Koma pali china chomwe chili m'manja mwanu. Timaphunzitsa masewera titakhala pansi. Wophunzira amaloweza kutalika kwa bwalo la mpira wamanja, amajambula mizere yake m'kope, n'kutuluka pakoleji asanaimepo pamaso pa ana 90 ali ndi mpira umodzi m'manja. Tsiku loyamba ana akamuthamangira onse pamodzi, fumbi lili koboo, amachita mantha, n'kuthawira ku zomwe anaona aphunzitsi ake akuchita kale.

Choncho tulukani nawo panja, ndipo mipira yabwino ya pakoleji muisiye m'sitolo. Auzeni abwere ndi majumbo ndi luzi, akulunge okha mipira khumi. Mizere alembe ndi phulusa. Kenako itanani kalasi yathunthu ya pasukulu yoyeserera yomwe ili pafupi ndi koleji, osati ana 20 osankhidwa ayi, kalasi yonse. Wophunzira mmodzi aphunzitse, anzake akhale pambali, aliyense asankhe mwana mmodzi womuyang'ana ndi wotchi m'manja, awerenge mphindi zomwe mwanayo wathamangadi kapena kudumpha.

Ine nditayesa zimenezi koyamba, mtsikana amene ndinkamuyang'ana anaima pamzere pafupifupi phunziro lonse, akukanda nthaka ndi chala cha kuphazi. Anagwira mpira kamodzi, belu n'kulira. Wophunzira wanga atamva zimenezi anagwira pakamwa. Sabata yotsatira anagawa ana m'magulu asanu ndi atatu: awa fulaye, awo jingo, ena chipako, ena kuponyerana mpira wachikulunga, likhweru likalira n'kusinthana malo. Palibe anakhala pansi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 patsiku, ndipo mzere wodikira mpira sungatifikitse kumeneko.

Masewera akwathuwa musawaone ngati odzazira nthawi. Mu fulaye muli kuzinda, kulunjika poponya ndi kuwakha, zomwe zimafunikanso mu mpira wamanja womwe unatchukitsa Mwawi Kumwenda. Ntchito ya wophunzira wanu ndi kudziwa luso lomwe akulifuna m'masewerawo, n'kumaliona mwa mwana aliyense. Muwafunsenso kuti mwana woyendera ndodo asewera pati, nanga mwana wachialubino atetezedwa bwanji ku dzuwa la masana. Ayankhe pochita pabwalo pomwepo.

Chomaliza chikukhudza ulendo wanu wokawayendera. Maphunziro osula aphunzitsi a kupulayimale, otchedwa IPTE, amatenga zaka ziwiri, ndipo gawo lina wophunzira amakhala kusukulu akuphunzitsa. Ambiri tikapita kumeneko timapempha kuona Masamu kapena Chingerezi, ndipo wophunzira amazindikira msanga chomwe chili ndi malikisi. Ulendo uno muwauziretu kuti mukufuna kuona phunziro la panja, ndipo muitanenso mphunzitsi amene amawayang'anira pasukulupo adzaime nanu pabwalo, chifukwa inu mukabwerera kukoleji amatsala nawo ndi iyeyo. Muvale nsapato zothamangira, mulowe nawo mu fulaye. Mukayesa, mundilembere kuti wotchi yawonetsa mphindi zingati.