Kodi maphunziro a malonda a pakati pa mayiko angapindulire mwana wa mlimi?

Mayi wina watilembera kuti mwana wawo wamkazi, yemwe wangomaliza sekondale, akufuna kukaphunzira zachuma cha ulimi ndi malonda a pakati pa mayiko ku yunivesite. Iwo akufunsa kuti: "Ife ndife alimi. Kodi zimenezi zikukhudzana bwanji ndi munda, nanga ntchito adzaipeza?"

Mayi, funso lanu loyamba ndiliyankha ndi nkhani ya nthochi. Kwa zaka zambiri alimi a m'zilumba zing'onozing'ono za Dominica, Saint Lucia ndi Saint Vincent, za m'nyanja ya Caribbean, ankagulitsa nthochi zawo ku Britain, chifukwa malamulo a ku Ulaya ankawakondera poyerekeza ndi minda ikuluikulu ya ku Latin America. Mlimi wa maekala ochepa m'mbali mwa phiri ankadula mikoko, kutsuka mapava ndi kuwalongedza m'makatoni, akudziwa kuti sitima ikafika ndalama ya fizi ya ana ipezeka. Kenako dziko la America, Ecuador ndi mayiko ena adakasuma ku bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO, ndipo mu 1997 chigamulo chidati kukonderako kukuphwanya malamulo. Mkanganowo udatha mu 2009 ku Geneva, pamene bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union lidavomera kutsitsa pang'onopang'ono msonkho wa nthochi za ku Latin America kuchoka pa mayuro 176 kufika pa 114 pa tani iliyonse. Alimi ambiri a m'zilumba zija adasiya kulima nthochi, osati chifukwa cha ulesi kapena chilala, koma chifukwa cha mapepala osainidwa kutali ndi anthu omwe sadaonepo minda yawo.

Dziko laling'ono siliika mtengo pamsika wa dziko lonse, limangoulandira, choncho chomwe lingadalire ndi anthu odziwa kuwerenga mapangano ndi kutsutsa mfundo ndi umboni wa manambala. Mu 2003, pamsonkhano wa WTO ku Cancún m'dziko la Mexico, mayiko a Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali adadandaula limodzi kuti sabuside yomwe mayiko olemera amapatsa alimi awo a thonje ikugwetsa mitengo. Sadapeze zonse zomwe ankafuna, ndipo ena amati adapeza zochepa kwambiri, komabe nkhani ya thonje idalowa m'zokambirana, ndipo mu 2015 ku Nairobi mayiko adagwirizana zothetsa sabuside ya zokolola zogulitsa kunja.

Pa nkhani ya ntchito sindikunamizani: mipando ya okambirana mapangano ndi yochepa, ndipo kawirikawiri imafuna digiri yachiwiri ndi zaka zingapo za ntchito m'boma. Mwayi wochuluka uli pafupi ndi mlimi weniweniyo, m'makopaletivi, m'makampani otumiza mbewu kunja, kumaofesi a msonkho wa pachipata ndi m'mabungwe oona za miyezo ya katundu. Masiku ano chotchinga chachikulu nthawi zambiri si msonkho, koma malamulo a zaumoyo. Katundu wodzaza kontena akhoza kubwezedwa padoko chifukwa cha chuku kapena mankhwala ophera tizilombo opitirira mlingo, ndipo munthu wotha kuuza alimi tsiku loyenera kusiya kupopera mankhwala, komanso kulemba molondola satifiketi yosonyeza kumene katundu wachokera, amasowa kwambiri.

Mwana wanu alimbikire masamu ndi kawerengedwe ka ziwerengero, popeza ophunzira ambiri amagwa pamenepo poganiza kuti zachuma ndi kulemba nkhani chabe. Ngati angathe, awonjezere Chifalansa kapena Chisipanishi pa Chingerezi, chifukwa zitatuzi ndi zimene WTO imagwiritsa ntchito. Musanalipire fizi, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi boma, ngati imaphunzitsa malamulo a malonda, komanso ngati imatumiza ophunzira kukayeserera ntchito.

Pakadali pano, apemphe kukathandiza kwa miyezi iwiri kapena itatu pa kopaletivi kapena kampani yotumiza mbewu kunja, ndipo atsatire thumba limodzi kuchokera pa sikelo mpaka pa mapepala a pachipata, akulemba ndalama iliyonse imene ikudulidwa panjira. Akadzakusonyezani zimene wapezazo, mudzakambirane naye za fomu ya ku yunivesite.