Za maulendo a kumtunda ndi ana ku Norway

Achemwali, mwafunsa ngati mugule maulendo a kumtunda amene kampani ya sitima yapamadzi yomwe mukwere imagulitsa ikaima pa madoko kapena mungodzikonzera nokha poti muli ndi ana. Zimatengera doko. Ku Bergen musataye ndalama, Fløibanen, sitima yapanjanji yokokedwa ndi chingwe, ili pafupi ndi msika wa nsomba, mungoyenda wapansi nkukwera nayo phiri la Fløyen, pamwamba pali posewerera ana, koma majekete musaiwale mvula ya kumeneko sichenjeza. Ku Flåm ndiye bukiranitu sitima yapanjanji yopita ku Myrdal, makilomita 20, imaima pa mathithi a Kjosfossen ndipo mipando sichedwa kutha. Kungoti mukapita panokha nkuchedwa sitima yapamadzi ija sidikira munthu, ndiye muzibwerera kukadali ola lathunthu.