Bwanji Amerika ikukaniza China machipi?

FUNSO: Akulu, ndamva zoti Amerika inaletsa kugulitsa machipi ena (tizipangizo tating'ono toyendetsa makompyuta ndi mafoni) ku China, nanga si bizinesi basi? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Ayi achimwene, iyi si bizinesi wamba. Mu Okutobala 2022 boma la Biden linakhwimitsa malamulo moti Nvidia, kampani ya ku Amerika ya machipi, singatumize ku China machipi amphamvu ngati A100 ndi H100 popanda chilolezo, ati angathandize asilikali a China pa AI (nzeru zopatsa makompyuta) ndi zida zankhondo. Netherlands nayo sikulola kampani yake ya ASML kugulitsako makina a EUV opangira machipi apamwamba, ndipo makinawo palibenso kampani ina imawapanga, ndiye mwaona pomwe pagona nkhani. China sinagonje, mu 2023 inayamba kufuna laisensi potumiza kunja gallium ndi germanium, zitsulo zofunika popanga machipi ena. Koma foni yanu ija musadandaule nayo, machipi wamba sanaletsedwe.