Aseminole ankadyadi coontie, koma osati wosaphika

Mwafunsa ngati Aseminole, mtundu wa eni nthaka a ku Florida ku America, ankadyadi chomera chakutchire chotchedwa coontie. Inde achimwene, ankadyadi muzu wake, ngakhale uli ndi poizoni wotchedwa cycasin. Chinsinsi chinali pa kakonzedwe. Ankasinja muzuwo, n'kuutsuka m'madzi kangapo mpaka poizoni atatha, kenako n'kuyanika zotsalazo kuti zikhale ufa wa buledi. Amene munaonapo amayi a ku Nkhata Bay akuviika chinangwa chowawa asanaphike kondowole simudabwa. Ine ndinaona kuti akachivuula msanga, anthu amachita chizungulire.

Ntchito za zomera kumeneko sizinali za m'mimba zokha ayi. Masamba a mgwalangwa wa sabal ankafolera nyumba za Aseminole zopanda makoma, zotchedwa chickee. Pa chilumba cha Key Marco ku Florida komweko, mu 1896, ofukula anapeza maukonde a nsomba opota ndi luzi la mgwalangwa. Atimucua, mtundu wina wa kumeneko, ankawiritsa masamba a chitsamba cha yaupon, omwe ali ndi kafeini, n'kumamwa pa misonkhano.

Koma musayesere nokha coontie, kulakwitsa pang'ono chiwindi chimawonongeka. Mapiritsi ochokera ku mgwalangwa wa saw palmetto, a vuto la prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo), muyambe mwafunsa dokotala, makamaka ngati mukumwa kale mankhwala ena.