Dacian Cioloș: kuchoka ku sukulu ya zaulimi kufika pampando wa nduna yaikulu ya Romania

Wowerenga wina wandilembera pa imelo kufunsa ngati n'zoona kuti ku Romania kunakhalapo nduna ya zaulimi yomwe sinali m'chipani chilichonse, ndiponso ngati maphunziro okha angamusunge munthu pa ndale. Munthu amene mukumunenayo, bambo, ndi Dacian Cioloș, ndipo mbiri yake imayankha mafunso anu onse awiri.

Cioloș anabadwa mu 1969 mu mzinda wa Zalău. Anaphunzira za ulimi wa zipatso ndi ndiwo zamasamba pa yunivesite ya zaulimi ya ku Cluj-Napoca, kumene anamaliza mu 1994, ndipo ali wophunzira ankapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Brittany ku France. Kenaka anapitiriza maphunziro a zachuma cha chitukuko cha ulimi ku Rennes ndi ku Montpellier, ku France komweko. Kwa ine gawo lofunika kwambiri ndi limene linatsatira, pamene anagwira ntchito ku ofesi ya European Union ku Bucharest, akuyang'anira thumba la SAPARD lothandiza alimi a m'maiko oyembekezera kulowa mgwirizanowo. Kumeneko ndi kumene anadziwira njira zimene ndalama za ku Brussels, likulu la European Union, zimadutsa zisanafike kwa mlimi.

Unduna wa zaulimi anaupeza asali m'chipani chilichonse mu Okutobala 2007, Romania itangolowa kumene mu European Union. Nduna yomwe inalipo, Decebal Traian Remeș, inatula pansi udindo wailesi ya kanema itaonetsa zithunzi zosonyeza ngati ikulandira ziphuphu, nkhani yomwe inatchuka chifukwa pa zinthu zotchulidwazo panali masoseji ndi mowa wa maplamu. Boma la nduna yaikulu Călin Popescu-Tăriceanu linkafuna munthu wa manja oyera amene ku Brussels angamukhulupirire, pakuti ndalama za alimi zinali pangozi yoimitsidwa. Cioloș anakhala paudindowu mpaka Disembala 2008, chaka chimodzi ndi miyezi yochepa chabe.

Mu 2010 anasankhidwa kukhala komishonala wa zaulimi wa European Union yonse, ndipo ndiye anatsogolera kusintha kwa mu 2013 kumene kunamangirira 30 peresenti ya ndalama zopita kwa alimi ku kasamalidwe ka chilengedwe, monga kubzala mbewu zosiyanasiyana ndi kusunga malo odyetsera ziweto. Ena anadandaula kuti malamulowo anafewetsedwa pokambirana, ndipo dandaulo limeneli lili ndi nzeru zake.

Pa funso lanu lachiwiri, yankho langa ndi lakuti ayi. Mu Novembala 2015, moto wa mu kalabu ya Colectiv ku Bucharest utapha anthu ambiri ndipo nduna yaikulu Victor Ponta itatula pansi udindo, Cioloș anapatsidwa utsogoleri wa boma la akatswiri opanda chipani. Chaka chotsatira chipani cha PSD, chomwe chinali cha Ponta, chinapambana chisankho mosavuta, iye n'kuchoka mu Januwale 2017. Apa m'pamene analowa ndale zenizeni: anayambitsa chipani cha PLUS, analowa nyumba ya malamulo ya ku Ulaya mu 2019 n'kutsogolera gulu la aphungu lotchedwa Renew Europe. Koma pamene Pulezidenti Klaus Iohannis anamupempha kupanga boma mu Okutobala 2021, aphungu anamukana, pakuti zipani zikuluzikulu sizinamupatse mavoti awo, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake anasiyanso utsogoleri wa chipani cha USR, chomwe PLUS inali itaphatikizana nacho.