Buku la relay yakale ndingalipeze kuti?

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya zamagetsi pa fakitale ina ya tiyi. Pa bolodi lathu la 11kV pali relay yakale yolembedwa kuti English Electric CDG31, kachipangizo kouza breaker (swichi yaikulu) kuti idule magetsi pakakhala vuto. Masiku ano breaker ikumangodula magetsi, koma buku la relay imeneyi linadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo akuti kampani yake inatha. Ndilowere kuti? Wowerenga, Thyolo

YANKHO: Bambo, mtima pansi. Kampaniyo sinathe, yakhala ikungosintha eni ndi mayina. English Electric, yomwe inkapanga ma relay amenewa ku Stafford ku England, inalowa m'manja mwa GEC mu 1968. Mu 1989 dzina linakhala GEC Alsthom, mu 1998 Alstom, mu 2004 Areva. Mu 2010 Alstom ndi Schneider Electric anagawana ntchitoyo, ndipo gawo la Alstom linagulidwa ndi GE mu 2015. Choncho pa intaneti lembani CDG31 pamodzi ndi dzina lililonse mwa amenewa. Mapepala ambiri amene mungapeze ndi a ku India, chifukwa kumeneko anapitiriza kupanga CDG kwa zaka zambiri. Musawanyoze, ndi othandiza ndithu, bola muyerekeze manambala a mawaya ndi a pa relay yanuyo.

Koma musanathe bandulo, tsegulani chitseko cha bolodi muunike ndi tochi. Ine tsiku lina, nditavutika sabata yathunthu, ndinapeza drawing itapindidwa kanayi m'kathumba kuseri kwa chitseko, yofiirira, m'mphepete mphemvu zitanyenya, koma manambala onse akuwerengeka bwinobwino. Funsaninso madala amene anapuma ntchito pafakitalepo. Ambiri a iwo anasunga makope awo kunyumba.

Chimene ndimachikondera CDG n'chakuti zambiri imanena yokha. Pukutani galasi muyang'ane pankhope pake. Mudzaona ngati ndi ya 1A kapena 5A. Mudzaona timabowo 7 tolowetsamo pulagi yosankhira mphamvu ya magetsi imene relay idulire, kawirikawiri kuyambira 50% mpaka 200%, ndi kagudumu ka nthawi pamwamba pa kachimbale kozungulira ka m'kati mwake. Palinso mzere wa manambala woonetsa masekondi amene imatenga. Pa mtundu wofala, mphamvu ikaposa ya pa pulagi ka 10, kagudumu kali pa 1.0, iyenera kudula pakatha masekondi 3. Ilipo ina ya masekondi 1.3, ndiye werengani bwino. Jambulani zonsezi pa foni, makamaka nambala yaitali ya model, chifukwa amene mungamulembere kalata adzayamba wafunsa imeneyo.

Za kudulako, ine sindikanathamangira kuiloza chala relay. Ikadula, onani kambendera kamene kagwa mwa timbendera take titatu. Nthawi zambiri ka pakati ndi ka earth fault (magetsi othawira pansi), ndipo kakagwa kameneko kafufuzeni chingwe chimene chalowa madzi. Tikagwa tam'mbali, dzifunseni ngati simunaonjezere mamota osasintha pulagi. Mukatero itanani munthu wokhala ndi makina oyesera aone ngati masekondi akugwirizana ndi olembedwawo.

Chimodzi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse. Musamasule waya wochokera ku CT (current transformer, yomwe imayeza mphamvu ya magetsi n'kutumiza ku relay) magetsi akuyenda. CT ikatseguka imatulutsa mavoti oti n'kupha munthu pomwepo. Bokosi la CDG linapangidwa kuti lizilumikiza lokha mawayawo mukasolola relay, koma la zaka 50 musalidalire musanaliyese magetsi atathimitsidwa.